Kodi siteshoni ya sitima yapansi panthaka ingatheke pa Copacabana ku Harare?

Mdzukulu wa ku Ntcheu, Mufakose

Moni akuluakulu nonse. Funso langali likupita kwa amisiri a zomangamanga ndi a zanjanji amene muli m'gulu lino. Aliyense wokwerera makombi pa Copacabana kapena pa Market Square ikamakwana 5 koloko madzulo akudziwa chipwirikiti chake: makombi atsekerezana, mushikashika (timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo) waima pakati pa msewu, mahwindi (oitanira makombi) akukanganirana munthu mmodzi, mavenda ayala tomato podutsa anthu. Ndiye mumva wina pamzere akuti, "Akanangotikumbira sitima yapansi ngati ya ku Sandton ku Johannesburg, zonsezi zikanatha."

Ndikufuna ndimve kwa odziwa. Siteshoni yotere amaikumba bwanji pakati pa tauni, nyumba zili mbali zonse? Imalowa pansi mamita angati? Nanga nthaka ya Harare ingalole? Zandale ayi chonde, ndikufuna za ntchito yeniyeniyo.

Mmisiri wa Konkire, Highfield

Achimwene, kukumba kokhako n'kotheka, ndipo mizinda yothithikana kuposa Harare inakumba kale: London mu 1863, Cairo mu 1987, Algiers mu 2011. Koma tiyambe ndi kukula kwa dzenjelo, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi kachipinda kapansi.

Sitima ya mabogi 6 imatalika mamita 120 mpaka 140. Pulatifomu iyenera kukwana sitima yonseyo, ndipo kumapeto konse kuwiri kumafunika zipinda za mafani, magetsi ndi mapampu. Choncho siteshoni ndi bokosi la konkire la mamita pafupifupi 160 m'litali, 22 m'lifupi, ndi 20 mpaka 25 kulowa pansi ngati lili ndi nsanjika ziwiri, yam'mwamba yogulira matikiti ndi yapansi ya njanji. Werengetsani nokha: dothi la makiyubiki mita pafupifupi 75,000. Tipa yonyamula makiyubiki 10 ipanga maulendo 7,500, ndipo popeza dothi likakumbidwa limafufuma, nenani kuti 9,000 kapena kuposa. Matipa onsewo adutse mu Chinhoyi Street kapena Cameron Street. Apo mwaona kale kuti makombi asamuke pamalopo kwa zaka 3 kapena 4.

Ntchito siyamba ndi kukumba. Amayamba aboola nthaka mozungulira malowo, mamita 30 mpaka 50 alionse, kutulutsa dothi ndi miyala kuti aone zimene zili pansi. Kenako amasuntha zonse zokwiririka mumsewu: mapaipi a madzi ndi a suweji, ngalande za madzi amvula, zingwe za magetsi za ZESA ndi za mafoni. Mapu akale kawirikawiri sagwirizana ndi zimene zili m'nthakamo, ndiye amakumba timaenje ndi manja, kupeza chilichonse, n'kuchisuntha kapena kuchipachika pa zitsulo. Izi zokha zimadya chaka kapena ziwiri.

Zikatero amamanga makoma, dzenje lisanakumbidwe. Makina amakumba ngalande yopapatiza, mita imodzi m'lifupi, kutsika mamita 30 kapena kuposa, chigawo cha mamita 3 mpaka 6 panthawi imodzi. Nthawi yonseyo ngalandeyo imakhala yodzaza ndi phala la dongo lotchedwa bentonite, limene limakankha m'mbali kuti dothi lisagumukire mkati. Phalalo likhale pamwamba kuposa madzi a m'nthaka ndi mita imodzi kapena kuposa. Likangotsika, ngalande yagumuka. Akafika pansi amatsitsamo zitsulo zolukidwa kale, n'kuthira konkire kudzera m'paipi yofika pansi penipeni, kuti izikwera ikukankhira phala lija kunja. Kukamwa kwa paipiyo kukhale kokwiririka mamita 2 kapena 3 mu konkire nthawi zonse. Wina akaikweza mopitirira, dongo limatsekeredwa pakati pa khoma, ndipo palibe amene angaone mpaka tsiku limene adzakumbe n'kufika pamenepo. Ku Cologne ku Germany mu March 2009 khoma lotere linali ndi malo osadzaza bwino, madzi ndi mchenga zinakhuthukira m'dzenje, nyumba yosungiramo zakale za mzindawo inagwa ndipo anthu awiri anafa.

Makoma akazungulira pali njira ziwiri. Yofulumira ndi kukumba poyera, n'kumapingasa zitsulo zikuluzikulu pakati pa makoma mamita 3 kapena 4 alionse potsika. Vuto lake limabisala polumikizira zitsulozo: ku Nicoll Highway ku Singapore mu April 2004 zinapindikira pamenepo, dzenje la mamita pafupifupi 30 linatsekeka, anthu anayi n'kufa. Njira inayo, imene ndingasankhe pamalo ngati Copacabana, ndi kukumba mamita ochepa, kuthira denga, kubwezeretsa msewu pamwamba, n'kumapitiriza kukumba kunsi kwa dengalo, dothi likutulukira pa mabowo osiyidwa dala. Denga ndi nsanjika yapakati ndizo zimachirikiza makoma. N'kochedwa komanso kodula, koma msewu umatsegulidwa msanga.

Pamene thanthwe lili pafupi, nkhani imasintha. Ku Sandton kumene mukunenako anakumba zitsime zikuluzikulu n'kuboola phanga m'thanthwe pophulitsa, n'chifukwa chake pulatifomu yake ili pansi mamita oposa 40. Luso limenelo dziko lino silisowa. Ndi la m'migodi, komwe agogo athu ambiri anadzera.

Mayi a Zamadzi, Hatfield

Achimwene a ku Highfield afotokoza bwino, koma adutsa chothamanga pa mawu akuti "madzi a m'nthaka", pomwe ku Harare nkhani yonse yagona pamenepo.

Tauni ino inamangidwa mbali ziwiri za dambo. Kale pakati pa kaphiri ka Kopje ndi mbali ya maofesi a boma panali lowe ndi kamtsinje kotsikira kumtsinje wa Mukuvisi. Dzina loti Causeway linachokera ku msewu wounjikira umene anthu ankawolokera pamenepo, ndipo Julius Nyerere Way, yomwe inali Kingsway, imatsata chigwa chomwecho. Dambolo analiphwetsa ndi ngalande n'kulithira phula, koma madzi sanasamuke. Copacabana ili pakati pa chigwachi ndi Kopje, ndipo njanji iliyonse yochoka pamenepo kupita ku Fourth Street, tsidya lina la chigwacho, iyenera kudutsa kunsi kwake. M'madambo a Harare dothi lapamwamba ndi makande, amene amafufuma m'dzinja n'kung'ambika m'chilimwe, ndipo mvula ikakhazikika mu January ndi February madzi amafika pafupi ndi pamwamba penipeni. N'chifukwa chake mapaipi oyezera madzi ayenera kuwerengedwa dzinja lathunthu, bwinonso awiri, munthu asanajambule khoma. Woyeza mu October yekha amanamizidwa.

Madzi akuya mamita 10 amakankha ndi mphamvu ya matani 10 pa sikweya mita iliyonse. Bokosi la achimwene lija, 160 kuchulukitsa ndi 22, likamira mamita 20 m'madzi limakankhidwira m'mwamba ndi matani 70,000. Tengani ndowa yopanda kanthu muikankhire mumgolo wodzaza madzi, muona mmene imakubwezerani. Siteshoni nayo mkati mwake ndi mphepo yokhayokha, imafuna kuyandama. Mankhwala ake ndi pansi pokhuthala mamita 2 mpaka 3, makoma ozama kupitirira pansipo, ndi mizati yozikika m'thanthwe yogwira bokosilo kuti lisakwere. Nthawi yoopsa ndi pamene pansi pathiridwa koma kulemera konse kwa pamwamba kusanakwane. Wina akazimitsa mapampu pamenepo pofuna kupulumutsa dizilo, pansi pamatukuka n'kung'ambika.

Kupopa nakonso kuli ndi malire. Mukatsitsa madzi a m'nthaka kunja kwa makoma, dongo limafota ndipo nyumba zimatitimira mosiyana mbali ndi mbali. Nyumba zazitali zokhala pa mizati yozama zimapirira, koma masitolo akale a mu Robert Mugabe Road, a maziko osaya ndi njerwa zakale, ndi amene amayamba ming'alu. Choncho makoma amazikika m'thanthwe, ming'alu ya thanthwe amaipopera simenti yamadzi, ndipo amapopa za mkati mwa bokosi zokha. Pa nyumba iliyonse yoyandikana amakhomapo zizindikiro zoyezera tsiku ndi tsiku, ndipo ikatsika mamilimita 10 kapena 20, malinga ndi mtundu wake, ntchito imaima. Madzi opopedwawo musayembekeze kuti ndi oyera. Kumene mapaipi a suweji akudontha kwa zaka, amatuluka ndi zonyansa, ndipo sangangotayidwa mu Mukuvisi osathira mankhwala.

Pali msampha wina umene tonse timauona koma osauganizira. Miyala yosanjikana ya ku Epworth ija inaumbika ili m'nthaka: mwala wa granite umawola motsata ming'alu, pakati n'kutsala mabulumwa olimba. Kulikonse kumene njanji ingadutse m'granite, monga njira ya ku Chitungwiza, mabulumwa otere akadali okwiririka. Chobowolera chikagunda limodzi munthu amalemba kuti wafika pathanthwe, pomwe kunsi kwake kuli mwala wowola woti n'kufumbutula ndi dzanja. Choncho osasiya kuboola mpaka mutalowa mamita 5 kapena kuposa m'mwala wosaduka. Ku São Paulo ku Brazil mu January 2007 denga la phanga la siteshoni ya Pinheiros linagwa m'mwala wong'ambikang'ambika, msewu unatitimira ndipo anthu 7 anafa.

Ndipo Gautrain, sitima ya ku Sandton ija imene anthu amaitamayo, madzi anaichedwetsa. Sandton inatsegulidwa mu June 2010, Rosebank mu August 2011, koma chigawo cha Rosebank kukafika ku Park chinadikira mpaka June 2012 chifukwa madzi olowa mu tunnel (njira yapansi ya sitima) anaposa amene anagwirizana.

Madzi apamwamba ndiye amapha anthu. Khomo lililonse la siteshoni liyenera kuyamba ndi masitepe okwera, atatu kapena anayi, munthu asanayambe kutsika, ndipo pakhale timipata tolowetsamo zitseko zachitsulo mvula ikanyanya. Mabowo opumira mpweya nawo akwezedwe chimodzimodzi. Ambiri amakumbukira khomo n'kuiwala bowo. Ku Zhengzhou ku China pa 20 July 2021 kunagwa mvula yoposa mamilimita 200 pa ola limodzi, madzi analowera kumalo oimikako masitima n'kutsata njanji, anthu 14 anafera mu njanji yapansi ya Line 5. Ife mvula yathu ya chaka chonse ndi mamilimita 800 ndi pang'ono, koma imagwa mwamkuntho, ndipo ngalande za m'tauni zikatsekeka ndi mapepala ndi mabotolo madzi amafunafuna potsika. Pomwe potsikitsitsa m'tauni monse padzakhala siteshoniyo.

Mdzukulu wa ku Ntcheu, Mufakose

Zikomo amayi, za mabulumwa a ku Epworth zandidabwitsa. Ndiye ngati mapampu sayenera kuima, nanga magetsi athuwa? Akazima sitima ili pakati pa tunnel anthu amatani?

Wamagetsi, Glen Norah

Achimwene, sitima yapansi siingakhale pa ndandanda ya kuzima kwa magetsi, ngakhale ola limodzi. Mu 2019 komanso kumapeto kwa 2022, madzi atachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba, madera ena ankakhala maola 18 opanda magetsi. Zoterozo siteshoni imakhala chitsime.

Malamulo ake ndi awa. Magetsi amabwera pa zingwe ziwiri zochokera ku masabusiteshoni awiri osiyana, chimodzi chikafa china chinyamule katundu yense. Masitima ambiri apansi amayendera mavoti 750 pa njanji yachitatu ya m'mbali, kapena 1,500 pa waya wam'mwamba. Gautrain ndi ya 25,000 chifukwa ndi sitima ya mtunda wautali yothamanga makilomita 160 pa ola. Jenereta siyendetsa sitima. Ntchito yake ndi mapampu, mafani a utsi, zikepe ndi zokuzira mawu. Mabatire amagwira nyale ndi masiginolo pa masekondi amene jenereta ikulira, ndipo ayenera kutha okha ola limodzi kapena kuposa. M'dzenje lililonse lotolera madzi mumakhala mapampu osachepera awiri, ina yogwira ina yodikira, ndipo amasinthana kuti yodikirayo isachite dzimbiri.

Magetsi akazima, woyendetsa amaisiya sitima iseseleke mpaka siteshoni yotsatira ngati ingafike. Ikakanika, amayamba atsimikiza kuti njanji yachitatu yafa ndipo aimangirira kunthaka, kenako anthu amatsika n'kuyenda pa kanjira ka m'mbali kupita ku siteshoni kapena ku chitsime chothawira.

Choopsa kuposa mdima ndi utsi. Umakwera masitepe omwewo amene anthu akuthawira. Ku siteshoni ya King's Cross ku London pa 18 November 1987 machesi anagwera kunsi kwa masitepe oyenda okha a matabwa, kumene kunaunjikana girisi ndi zinyalala. Moto unagona m'ngalande ya masitepewo n'kuthamangira kumtunda, unaphulikira m'holo ya matikiti, anthu 31 anafa. Ku Daegu ku South Korea mu February 2003 munthu anayatsa dala sitima pa siteshoni, ina n'kulowa n'kuima pambali pake, magetsi anadulidwa, zitseko zinakhala zotseka, ndipo anafa 192, ambiri a m'sitima yachiwiriyo. Choncho masiku ano mafani amakhala otha kuzungulira mbali zonse ziwiri ndi kupirira kutentha kwa madigiri 250 kwa ola kapena kuposa. Amakoka utsi kudenga la pulatifomu, mphepo yabwino n'kumatsika m'masitepe kuwomba anthu kumaso. Muyezo wa za moto wa NFPA 130, umene maiko ambiri amatsata, umati pulatifomu ikhale itatsala yopanda munthu m'mphindi 4, ndipo womalizira afike pabwino m'mphindi 6.

Mphindi zimenezo ndi zimene zimalamula kuchuluka kwa masitepe. Masitepe oyenda okha a mita imodzi m'lifupi amanyamula anthu pafupifupi 100 pa mphindi, geti imodzi ya matikiti 25 mpaka 30. Sitima ikatsitsa anthu 600, masitepe awiri amatenga mphindi 3, ndipo kuti anthuwo asaunjikane pamwamba pafunika mageti 8 kapena kuposa. Powerengera za moto amachotsapo amodzi ngati owonongeka, popeza tsiku lililonse amodzi amakhala akukonzedwa. Ndipo kunja kwa khomo kukhale bwalo lopanda kanthu. Mavenda akayala pakamwa pa masitepe oyenda okha, otuluka amaima koma makina saima, am'mbuyo amangounjikana pa anzawo. Malo a mavenda ajambulidwiretu, chifukwa kumene kuli anthu 20,000 pa ola adzabwera ndithu.

Chimodzi chotikomera: Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, usiku kumazizira, ndiye kutentha kwa mabuleki kungatulutsidwe ndi mafani popanda makina akuluakulu oziziritsira.

Agogo a Njanji, Rugare

Adzukulu anga, mwayankha za siteshoni imodzi, koma siteshoni payokha siinyamula munthu. Sitima ya mabogi 6 imalowa anthu 1,200 osapanikizana kwambiri. Kombi ndi 18, anayianayi pampando. Ndiye sitima imodzi ndi makombi 67, ndipo zikamabwera mphindi 3 zilizonse ndi anthu 24,000 pa ola mbali imodzi. Funso ndi loti ndi msewu uti wa Harare uli ndi anthu otere. Kalembera wa 2022 anapeza anthu 2.4 miliyoni m'chigawo chonse cha Harare, koma amwazikana, nyumba zapansi, kuchokera ku Kuwadzana mpaka ku Mabvuku. Wothithikana ndi Seke Road, msewu wopita ku Chitungwiza, m'mawa kulowa m'tauni madzulo kutuluka, masana zii. Njanji ya ku Chitungwiza yakhala ikukambidwa kwa zaka makumi, ndipo makilomita 25 amenewo safuna kukumba; malo apamwamba alipo.

Taonaninso Gautrain yomweyo. Pa makilomita 80, apansi ndi 15 okha, ndipo pa masiteshoni 10 apansi ndi atatu: Park, Rosebank ndi Sandton. Amalowa pansi pokhapokha pamene pamwamba palibiretu podutsa, chifukwa kilomita yapansi imadya ndalama za makilomita angapo apamwamba.

Ife njanji tili nayo kale, yochoka pa siteshoni ya mu Kenneth Kaunda Avenue kupita ku Mufakose, ku Ruwa ndi mbali ya Tynwald. Mu 2021 kampani ya mabasi ya ZUPCO ndi ya njanji ya NRZ anayendetsamo masitima a anthu apantchito, koma sanakhalitse. Sitima yobwera kamodzi m'mawa kamodzi madzulo siingapikisane ndi kombi. Pafunika njanji ziwiri, masiginolo amoyo, mpanda, ndi sitima mphindi 10 kapena 15 zilizonse. Mu 1983 njanji ya Harare kukafika ku Dabuka pafupi ndi Gweru inaikidwa magetsi, koma mawaya anabedwa mpaka masitima a magetsi anaima. Amene akufuna kukwirira mkuwa pansi pa Copacabana ayambe wayankha za mkuwa umene unali poyera uja. Dar es Salaam inayamba kuyendetsa mabasi a msewu wawowawo mu 2016, pa makilomita 21, ndipo Seke Road ndi yotakata mokwanira zoterozo.

Mmisiri wa Konkire, Highfield

Agogo anena zoona, ndipo amayi a ku Hatfield andikonza pamene pamayenera. Ndingowonjezera kuti ziwirizi zimalumikizana. Siteshoni ya Kenneth Kaunda ili kumphepete kwa tauni, ndiye ngati njanji zapamwamba zitadzadzaza anthu, chofunika chingakhale kachigawo kakafupi kapansi kodutsa pakati pa tauni, makilomita 2 kapena 3, masiteshoni awiri.

Kachigawo kameneko kamatha kufa kasanabadwe. Sitima sitsika motsetsereka kuposa mamita 3 kapena 4 pa mamita 100 alionse, choncho kuti ifike mamita 20 pansi pafunika mtunda wa mamita 600 mbali iliyonse, ndipo theka loyamba limakhala ngalande yotseguka imene imadula misewu yopingasa. Siikhotanso pakona ya msewu. Imafuna kukhota kotakata mamita 250 mpaka 300, kutanthauza kudutsa kunsi kwa mapuloti a anthu. Nyumba imodzi yazitali ikazika mizati yake pamenepo, kapena wina akakumba malo oimikamo magalimoto a nsanjika ziwiri pansi, njira yatsekeka, ndipo kuidutsa kunsi kumakankhira siteshoni mamita 10 ena pansi, masitepe n'kutalika, madzi n'kuwonjeza matani 10 pa sikweya mita iliyonse. Ngakhale mijigo imene anthu akuboola m'tauni imasiya mapaipi m'nthaka, ndipo makina oboola tunnel akakumana ndi imodzi yosalembedwa pamapu, phala lawo limatumphukira pamwamba pa bwalo la munthu. Zimene khonsolo ingachite lero popanda ndalama zambiri ndi kujambula mzerewo, kuletsa maziko ozama mkati mwake, kulemba mjigo uliwonse, ndi kuika mapaipi oyezera madzi mu Julius Nyerere kuti aziwerengedwa mwezi ndi mwezi.